Nthungululu Imene Amayi Anandisungira

Zinayamba ndi kukoka kwa chipsera. Munali mu Epulo chaka chatha, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndinali nditapita kwathu ku Kasenengwa kukathandiza amayi kukumba mtedza, umene kwathu timati nshawa. Nditawerama kuti ndikutumule dothi ku phata lina, ndinamva ngati wina wakoka ulusi m'munsi mwa mchombo, pamene madokotala anandicheka pobadwa mwana wanga woyamba. Sikunali kupweteka kwenikweni, koma kunandiimitsa. Ndinakhala pansi pakati pa mizere, ndipo amayi anaponya khasu n'kubwera akuthamanga.

Ine ndine Veronika, amake Dalitso. Ndinakwatiwa kufupi ndi Madzimoyo, ndipo timalima chimanga ndi thonje ngati anzathu onse. Ndikufotokoza izi chifukwa cha amayi anzanga amene anachitidwapo opaleshoni ndipo akuopa, kapena akulakalaka, kudzachira okha pa mimba yotsatira. Koma ndinene pachiyambi pomwe kuti si nkhani yachimwemwe. Kuchipatala tinapita awiri, ine ndi amayi anga, ndipo wodwala weniweni sitinamudziwe.

Dalitso anabadwa zaka zinayi m'mbuyomo. Anakhala chopingasa m'mimba, mutu uku miyendo uko, ndipo panalibe kuchitira mwina koma mpeni. Amayi anadikira panja pa thiyeta, chipinda cha opaleshoni, atagwira kolona. Kwathu mwana akabadwa, mayi amene wadikira pakhomo amaimba nthungululu kuti aliyense adziwe kuti munthu wawoloka. Amayi anga anali katswiri wa zimenezi. Nthungululu yawo inkamveka tsidya lina la dambo, ndipo pa maukwati ndi pa Misa ya Pasaka anthu ankachita kutembenuka kuti aone mwini mawu. Koma tsiku limenelo sanaimbe. Anandiona akunditulutsa pa kabedi ka matayala, ndili kwala, diripi ili kumkono, ndipo mawu anawathera pakhosi.

Apongozi anga aakazi anabwera mawa lake. Ananyamula mwana, anamuyamikira, kenaka anafunsa kuti, "Koma ameneyu wabereka kapena am'tulutsira?" Anaseka, ndipo ena amene anabwera nawo anasekanso. Atatembenukira kwa amayi anawonjezera kuti, "Kapena kwanu alangizi anatha, asewele?" Sindikufuna kuwaipitsa apongozi anga. Ndi munthu wabwino pa zinthu zambiri, kungoti pakamwa pawo palibe chitseko. Koma mawu aja anandilowa, ndipo amayi anawalowa koposa. Anthu atapita, akundipukuta kumsana ndi kansalu konyowa, anandiuza kuti, "Usalire, Vero. Nthungululu yako ndaisunga. Si tomato kuti iwole."

Kuyambira pamenepo inasanduka nthabwala yathu. Ndikawachezera ankandiyang'ana pamimba n'kunena kuti katundu wanga akadalipo, ndidzatenge. Tinkaseka, koma tonse awiri tinkadziwa kuti pansi pa nthabwalayo pali bala. Nditaima kachiwiri, chimene ndinkafuna ndi mtima wonse chinali chimodzi: kuti ndichire ndekha, amayi ali pakhomo, ndimve mawu awo.

N'chifukwa chake kukoka kwa m'munda kuja kunatiopsa tonse. Ine ndinkati tione kaye masiku angapo. Amayi anakana. Mawa lake m'mawa anandikweza panjinga yamoto mpaka ku kiliniki kumene ndinkapita kusikelo. Anamwino anandiyeza magazi, anandipima mimba, anamvetsera mtima wa mwana, ndipo zonse zinali bwino. Anati chipsera chimatha kukoka mimba ikamakula, koma popeza ndinachitidwapo opaleshoni, ndikaonane ndi dokotala kuchipatala chachikulu m'tauni. Khasu anandiletsa. Anandiuzanso kuti kupweteka kukakhala kosalekeza, kapena ndikaona magazi, kapena mwana akasiya kugunda, ndisadikire kuti kuche.

Ku Chipata tinapita sabata yotsatira. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo atandiunika pa sikani tinalowa kwa dokotala, mayi wachitsikana wolankhula modekha. Anafunsa zonse za mimba yoyamba, anaona chipsera, kenaka anati, "Amayi, mungathe kuyesa kuchira nokha. Chimene chinachititsa opaleshoni ija chinali kagonedwe ka mwana, osati chiuno chanu. Anakuchekani chopingasa m'munsi, papita nthawi yokwanira, ndipo uyu mutu wayang'ana pansi. Koma mudzayesera pano, pamene thiyeta ili pafupi. Chipsera chikhoza kung'ambika. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika sizidikira galimoto." Anatiletsa kwamtuwagalu mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, ndipo anandiuza kuti mwezi womaliza ndidzakhale pafupi ndi chipatala. Anatsiriza ndi mawu amene nthawi imeneyo sindinafune kuwamva, akuti zikavuta adzandicheka ndithu, ndipo kumeneko sikudzakhala kulephera.

Amayi anangomva mbali yoyamba yokha. Potuluka anandikokera kumsika n'kundigulira chitenje chatsopano chobiriwira choti ndidzaberekere mwana. M'minibasi anaimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi mpaka tinatsika.

Kumapeto kwa Meyi, kuzizira kutayamba, tinasamukira ku nyumba yodikirira amayi oyembekezera, imene aliyense amangoti ku shelita. Dalitso anatsala ndi atate ake. Moyo wa kumeneko ndi wodikira basi. M'mawa mumasesa, mumaima pamzere wa pampopi, kenaka oyembekezera mumapita kukayezedwa. Okudikirirani amatsala akuphika panja, aliyense pa mbaula yake. Masana mumayenda kuzungulira mpanda kuti mwana atsike, mimba zili patsogolo ngati abakha. Wina matenda akamuyamba mumamuperekeza mpaka pakhomo la chipinda chochirira, n'kubwerera kudzakhala pamphasa mukudzifunsa kuti mawa ndani. Tinali ochokera kosiyanasiyana, ena kumbali ya ku Tamanda, ena kwathu konkuno, ndipo pasanathe masiku ambiri tinali kudziwana mpaka maina a amuna.

Amayi anasanduka mayi wa aliyense. Panali atsikana ena amene anabwera okha opanda wowadikira, ndipo amayi ankawaphikira, kuwachapira ndi kuwaperekeza. Akachira ankawaimbira nthungululu mpaka alonda a pageti ankaseka. Ndikawanena kuti akugawa katundu wanga ankati, "Izi n'zobwereketsa chabe. Yako ili padera, sindinaikhudze."

M'masiku omwewo ndinayamba kuona kuti amayi sali bwino. Ankadandaula mutu wa kunkhongo, makamaka m'mawa, ndipo ankamanga kansalu mothina pamphumi. Tsiku lina pampopi anachita chizungulire n'kugwira khoma. Tsiku linanso anatuluka magazi m'mphuno akukoleza moto, ndipo anati ndi utsi wa makala. Kapu inawapulumuka m'manja kawiri, akuti zala zachita dzanzi ndi kuzizira. Chilichonse chinali ndi yankho lake, ndipo ine, maganizo onse ali pa chipsera changa, ndinkalandira mayankhowo.

Anamwino amene ankatiyeza m'mawa ndi amene anaona kansalu kaja. Anawaitana kuti, "Agogo, bwerani kuno, tambasulani mkono." Amayi anayamba kukana moseka, koma anawayeza ndithu. Anamwino atayang'ana makina anasiya kumwetulira. Anati magazi awo akuthamanga kwambiri, apite tsiku lomwelo kumene amaonera odwala ochokera kunja akalandire mankhwala, asazengereze. Amayi anapitadi. Patapita kanthawi ndinawaona akubwerera, atanyamula masamba a chibwabwa amene anagula pageti. Anati mzere wafika kumpanda. "Ine ndabwera kudzalonda wodwala," anatero. "Tikadwala tonse, atiphikire ndani? Ndidzapita ukachira." Anamwino anawafunsanso mawa lake, ndipo amayi anayankha kuti mawa. Akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa. Mwambi umenewu ndinaudziwa kuyambira ndili mwana, koma sindinawauze.

Kumayambiriro kwa Juni kunabwera uthenga wa kumudzi. Mtedza uja tinausiya m'milu kumunda kuti uume, ndipo nthawi yotayirira ng'ombe ndi mbuzi inali itakwana. Kwathu anthu akatha kukolola ziweto zimayenda paliponse, ndipo amene wachedwa kututa alibe woti am'dandaulire. Amayi anali amasiye, ndipo mtedza umenewo ndiwo unali mchere wawo, sopo wawo ndi ndiwo zawo za chaka chonse. Ufa wathunso unali utatsala pang'ono. Anamwino anali atanena kuti masiku anga akadalipo, choncho amayi anaganiza zothamangira kumudzi kukathothola ndi kututa. Ananyamuka Lolemba. Ndinawaperekeza mpaka pageti, atanyamula kachikwama ndi thumba lopanda kanthu, patapata mmodzi atamumanga ndi waya. Anandigwira pamimba n'kunena kuti, "Lachisanu ndili pano. Umuuze mwanayo adikire agogo ake."

Lachisanu ndinakhala pageti masana onse. Minibasi iliyonse ikaima ndinkadzuka. Amayi analibe foni, ndipo ya mnansi wawo imene tinkaimbirapo inkangoitana osayankhidwa. Loweruka kunabwera amuna anga, maso ali psuu, akuti ndi fumbi la panjinga. Anati amayi akadali ndi ntchito ya mtedza, abwera. Anakhala pang'ono, osadya, ndipo ponyamuka anabwereka foni yanga, akuti yawo yagwera m'madzi ndipo ogula thonje akuwafuna. Ndinawapatsa ndikung'ung'udza.

Sabata yotsatira kunafika amayi aang'ono a Rozaliya, mng'ono wawo wa amayi, atasenza ufa ndi kathumba ka mtedza. Anali atamanga duku mpaka m'zikope. "Akulu anga atopa pang'ono, ndiye anditumiza ine," anatero akuyang'ana pansi. Kuyambira tsiku limenelo amayi a ku shelita anayamba kundichitira chifundo chodabwitsa. Ankanditungira madzi, ankandipatsa malo a padzuwa, ndipo ndikafika pamene akucheza nkhani inkasintha. Ndinkayesa ndi chifukwa choti masiku anga ayandikira.

Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo ndinapsa mtima. Zaka zinayi munthu akundilonjeza, ndiye nthawi itakwana akhale kumunda? Tsiku lina amayi aang'ono akundipatsa phala lotendera ndinanena kuti, "Amayi akonda nshawa zawo kuposa ine. Mukawauze kuti nthungululu yawoyo akaimbire mbuzi." Amayi aang'ono anadzuka n'kupita kuseri kwa khitchini. Anakhalitsa kumeneko, ndipo pobwera anati utsi unawalowa m'maso.

Matenda anandiyamba pakati pa Juni, m'mawa ndikusesa. Kunayamba kumsana, kenaka kumazungulira kutsogolo, kumabwera n'kumapita. Amayi aang'ono ananyamula beseni ndi zitenje, ndipo tinayenda pang'onopang'ono mpaka kuchipinda chochirira. Iwo anatsala pakhomo. Azamba anandiika kajekeseni kokhalitsa kumkono, anatenga magazi kuti adziwe gulu lake, ndipo anandiuza kuti ndisadyenso kanthu kolemera mwina n'kufunika thiyeta. Ankabwera pafupipafupi kudzamvetsera mtima wa mwana, kuposa mmene ankachitira kwa anzanga, ndipo nthawi iliyonse ankafunsa funso lomwelo: "Kupweteka kukaleka, pachipsera pamatsala pakuwawa?" Sipankatsala.

Cha kumasana mtima wa mwana unatsika. Ndinaona nkhope ya azamba ikusintha. Anandigoneka chakumanzere, anatsegula diripi, anaitana dokotala. Dokotala anati tikonzekere, ukapanda kukwera akandicheka. Kunena zoona, pamenepo za apongozi ndi za nthungululu zinandichoka m'mutu. Ndinangoti chitani chilichonse, mwana akhale moyo. Patapita kanthawi anamvetseranso, ndipo mtima unali utabwerera m'malo mwake. Anandilola kupitiriza, dokotala ali pafupi.

Ndinachira dzuwa likupendeka. Anali mwana wamkazi, ndipo analira asanamupukute n'komwe. Anandiika naye pachifuwa, ali wofunda ndi woterera. Azamba anatsegula chitseko pang'ono n'kuuza wondidikira kuti zatheka. Ndinatchera khutu. Nthungululu inamveka, yopyapyala, ndipo inaduka pakati ngati ulusi wovunda. Ndinadziwa kuti ndi amayi aang'ono. Mumtima ndinati amayi adzanong'oneza bondo akadzamva, ndipo ndidzawaseka mpaka kalekale.

Chisangalalo sichinakhalitse, chifukwa magazi anayamba kutuluka ochuluka. Chiberekero chinachedwa kukhwinyata. Anandibaya jekeseni, anandisisita pamimba mwamphamvu mpaka ndinakuwa, anawonjezera diripi. Dokotala anandipima n'kunena kuti chipsera chili bwinobwino, sichinang'ambike. Magazi analeka, koma ndinali nditataya ambiri, moti ndikadzutsa mutu chipinda chinkazungulira. Anandisoka pamene ndinang'ambika pochira, ndipo anandiwonjezera magazi. Ndikanakhala kumudzi, kapena ngakhale panjira, sindikhulupirira kuti bwenzi ndikufotokoza izi.

Mawa lake, nthawi yoona odwala, amayi aang'ono analowa ndi phala. Anawerama kuti anyamule mwana, ndipo duku lawo linakola pa chitsulo chopachikapo diripi n'kugwa. Mutu wawo unali mpala, wometedwa chatsopano. Kwathu mayi wamkulu sameta chotero popanda chifukwa. Timameta maliro akatha, ndipo amameta ndi achibale enieni a womwalirayo. Ndinayang'ana mutu uja, iwo anayang'ana ine, ndipo palibe anatola duku.

"Amayi aang'ono, mwametera ndani?" ndinafunsa.

Anagwada pansi pambali pa bedi, mwana ali m'manja. "Mwana wanga, tinaopa," anatero. "Akuluakulu anati wapakati sauzidwa maliro. Tinaopa kuti tingataye atatu."

Amayi anagwa Lachitatu, patangopita masiku awiri chifikireni kumudzi. Mnansi wawo anawapeza kumunda atagona pambali pa mulu wa mtedza, pakamwa patapotoka, osatha kulankhula. Anawanyamula pangolo mpaka ku kiliniki, kumene anati ndi sitiroko yobwera ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anatsirizika galimoto yowatengera m'tauni isanafike. Anawaika Lachisanu, tsiku limene ine ndinakhala pageti kuwerenga maminibasi. Amuna anga anali kumanda, ndipo foni anandilanda kuti wina asandipepese. Mtedza umene ndinkadya m'phala unali womwe uja, umene anansi anatsiriza kuthothola maliro atatha.

Amati ndinakuwa mpaka anamwino anathamanga kuchokera m'zipinda zina. Ine sindikumbuka. Chimene ndikukumbuka ndi mawu anga aja onena za mbuzi, amene anandibwerera nthawi yomweyo ndipo sanandichoke kwa miyezi. Ndinkakalipira munthu amene anali kale m'manda. Palibe ululu wa pochira umene ungafanane ndi umenewo.

Ndinayenera kutuluka m'chipatala mawa lake, koma sizinatheke. Mutu unayamba kundipweteka kunkhongo, maso ankaona timinyenyezi, mapazi anatupa. Atandiyeza anapeza kuti magazi anga akwera kwambiri. Dokotala anati zimachitika kwa amayi ena akangochira, ndipo n'zoopsa chifukwa munthu akhoza kukomoka. Ine ndinkangofuna kupita kwathu kukaona pamene anawaika. Ndinayamba kulongedza zitenje. Anamwino aja amene anayeza amayi anabwera n'kukhala pabedi langa. Sanandikalipire. Anangoti, "Amake mwana, mutu umenewu simupita nawo kumudzi. Wina ndinamulola kunena kuti mawa. Inu sindikulolani." Ndinamasula katundu.

Ndinakhala m'chipatala sabata inanso. Ankandiyeza kangapo patsiku, anandipatsa mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi ndi mapiritsi owonjezera magazi. Chakudya sichinkalowa. Mkaka unachedwa kubwera, ndipo kunena mosabisa, mwanayo sindinkafuna kumuyang'ana. Ndinkaona ngati ndi iye ndi ine amene tinawapha amayi. Azamba ena achikulire ankabwera m'mawa uliwonse kudzandithandiza kufinya mkaka ndi kumuika kubere, ndipo pamene unali wosakwana ankamumwetsa ndi kakapu. Ananditumiziranso mayi wina wopereka uphungu, amene ankandisiya ndilire mpaka nditope asanalankhule. Amayi aang'ono ankagona pansi pambali pa bedi langa ngakhale kuti sindinkawalankhula.

Nditatuluka ndinapita kwa amuna anga. Anthu anabwera ndi mphatso ndi chipepeso nthawi imodzi, osadziwa choyambira. Apongozi anga anandikumbatira, analira nane, kenaka pofuna kundisangalatsa anati, "Koma tsopano ndiye wabereka ngati mkazi." Mawu amenewa ndinawadikira zaka zinayi. Atafika analibe kukoma kulikonse, ngati ndiwo zopanda mchere. Ndinawayankha kuti, "Ndinali mkazi kale, amayi. Dalitso sanagwe kumwamba." Chiyambire pamenepo sindinawamvenso akunena zimenezo kwa munthu.

Masabata otsatira anali amdima. Tulo sitinkabwera, ndinkalira ndikuyamwitsa, ndipo amuna anga ndinkawayankha ndi msana. Nditapita ku kiliniki kukayezedwa patatha mwezi ndi theka, anamwino anandifunsa mmene ndikumvera mumtima, ndipo ndinawauza zonse, ngakhale maganizo oipa amene ankandibwerera. Anati amenewonso ndi matenda, amagwira amayi ambiri akachira, makamaka pakagwa zovuta, ndipo amachizika. Anandilumikiza ndi waphungu amene ndinkaonana naye mwezi ndi mwezi. Amayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi anagawana masiku odzandichezera. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kudya, ndipo tsiku lina ndinadzipeza ndikuseka mwana akuyasamula. Amayi aang'ono ankafuna timutche Misozi. Ndinakana, chifukwa mwana sasenza maliro. Tinamutcha Monika, dzina la amayi la ubatizo.

Za kundibisira kuja, mpaka lero sindidziwa ngati analakwa. Masiku ena ndimati anandibera maliro a mayi wanga, ndipo palibe adzandibwezere. Masiku ena ndimakumbuka mtima wa mwana ukutsika, ndi magazi aja, n'kudzifunsa kuti ndikanamva ndikanatani. Ndikudzidziwa. Ndikanakwera njinga yamoto kupita ku Kasenengwa ndi chipsera changa, ndipo palibe mlonda akanandigwira. Amayi aang'ono ndinawakhululukira, ndipo amuna anganso, ngakhale kuti iwo anadikira nthawi yaitaliko.

Kumanda ndinapita mu Ogasiti, nditapeza mphamvu. Ndinabereka Monika pa chitenje chobiriwira chija, Dalitso ndinamugwira padzanja. Mtumbira unali utayamba kale kutitimira. Ndinagwada n'kunena kuti, "Amayi, ndachira. Mwana uja anakudikirani, koma simunabwere." Ndinapepesanso za mbuzi zija. Ndili pamenepo ndinazindikira chinthu chimene chimandipweteka kufikira lero. Nthungululu ija inali yoyenera kuimbidwa tsiku limene Dalitso anabadwa. Ndinawoloka tsiku limenelo, mwana anawoloka, ndipo panalibe chochititsa manyazi. Tinalola mawu a anthu atiuze kuti kuchira kwina n'kwenikweni, kwina n'kongoyerekeza, ndipo tinasunga chimwemwe chathu mpaka mwini mawu anapita nacho.

Lero ndili bwino. Monika akuyenda chogwira zinthu ndipo amadya chilichonse chimene wapeza pansi. Kuthamanga kwa magazi kunatsika, mankhwala anandisiyitsa patapita miyezi ingapo, koma ndimakayezetsabe chifukwa anati za kumtundu sizichedwa kubwerera. Chipsera sichikokanso. Ndinayamba kulera, ndipo dokotala anati ndikadzaimanso ndidzayambe sikelo msanga ndi kudzachirira kuchipatala chachikulu monga kale. Kulira ndimalirabe, makamaka nyengo yokumba mtedza.

Kwa amayi anzanga amene muli ndi chipsera ngati changa, ndikuti n'zotheka kuchira nokha, koma si aliyense, ndipo woti akuuzeni ndi dokotala amene wakupimani, osati apongozi kapena anzanu a pachitsime. Yambani sikelo msanga, nenani za opaleshoni yanu, musamwe zofulumizitsa matenda, ndipo pitani mukadikire pafupi ndi thiyeta nthawi ikadalipo. Akanena kuti akuchekaninso, musalimbane nawo. Ndipo inu amene muli ndi wokudikirani, muyang'aneni nayenso. Amayi anga anagona masabata awiri pakhomo pa chipatala, mankhwala ali kuseri kwa khoma, ndipo anakafera m'munda chifukwa ankati wodwala ndine ndekha. Mukaona kansalu pamphumi, chizungulire kapena dzanzi, muwagwire padzanja mukaime nawo pamzerewo, ngakhale utafika kumpanda. Tsiku limenelo mukhoza kugona ndi njala, palibe kanthu.

Mwezi watha mnansi wanga anabwera kuchokera kuchipatala atachitidwa opaleshoni. Anatsika galimoto akuyenda chowerama, atagwira pamimba, ndipo anthu anangoima m'makonde kumuyang'ana. Ndinasiya mbale zimene ndinkatsuka, ndinathamangira kumsewu, ndinaimba nthungululu mpaka pakhosi panauma. Mawu anga ndi aang'ono, safika n'kudambo komwe. Koma ine sindisunga.